Louis Pasteur ndi Cinsinsi ca m'Mbiya ya Mowa

M'midzi yozungulira Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, ndi m'midzi ya ku Sinda ndi ku Vubwi, mwana ali yense adziwa thobwa. Adziwanso kuti thobwa likagonera masiku angapo liyamba kuwira lokha popanda moto, licita thobvu, ndipo kutsekemera kwace kumanka kucepa kufikira litasanduka cakumwa coledzeretsa. Makolo a Acewa anadziwa kufulula kuyambira kale lomwe. Anali kufulula mowa wa dima pofuna kuthandizana kulima, mowa wa bona pokumbukira akufa, ndi mowa wa nsembe popempha mvula. Koma panalibe munthu, kuno kapena ku maiko ena, amene anadziwa bwino cimene ciwiritsa mbiya yosakhala pamoto, kapena cifukwa cace mbiya imodzi ikoma pamene inzace isasa ndi kutayidwa.

Munthu amene anafufuza cinsinsi cimeneci kufikira atacipeza ndiye Louis Pasteur wa ku France. Iye anayamba ndi kusuzumira m'migolo ya mowa, koma zimene anapeza m'menemo zinapulumutsa miyoyo ya anthu osawerengeka.

UBWANA WACE

Louis Pasteur anabadwa pa 27 December 1822 m'mudzi wa Dole, kum'mawa kwa dziko la France. Atate ace, a Jean-Joseph Pasteur, anali msilikari pa nkhondo za Napoleon, ndipo nkhondo zitatha anagwira nchito yofufuta zikopa. Louis akali wamng'ono, banja lonse linasamukira ku Arbois, mudzi wa m'mapiri kumene anthu alima mphesa zopangira vinyo. Motero mnyamatayo anakula alikumva fungo la zikopa pakhomo pao ndi fungo la vinyo wowira m'makomo a anansi.

Ku sukulu Louis sanali mwana wopambana anzace. Cimene anakonda koposa ndico kujambula nkhope za anthu ndi coko ca mitundu mitundu, ndipo zithunzi za atate ace ndi amai ace zimene anajambula zikalipo lero lino. Luso limeneli linamphunzitsa kupenyetsetsa tinthu tating'ono timene anthu ena satisamala.

M'caka ca 1838, ali ndi zaka 15, anamtumiza kukaphunzira ku Paris, mzinda waukulu wa dziko lao. Kumeneko anapukwa kwambiri, kotero kuti atate ace anadzamtenga patapita masabata owerengeka okha. Koma sanataye mtima. Anapitiriza maphunziro ku Besançon, ndipo m'caka ca 1842 analemba mayeso olowera sukulu yochuka ya aphunzitsi ya ku Paris, yochedwa École Normale. Anakhoza ndithu, koma dzina lace linali m'munsi. Iye anakana kulowa, nawerenganso caka cathunthu, ndipo m'caka ca 1843 anakhala wacinai. Ku Paris anali kupita kukamvera mphunzitsi wamkulu wa kemisitiri, Jean-Baptiste Dumas, ndipo kuyambira pamenepo mtima wace unakhazikika pa phunziro limeneli, limene lifufuza za zinthu zonse, mapangidwe ace ndi masinthidwe ace.

DZANJA LAMANJA NDI LAMANZERE

Vinyo akakhalitsa mumgolo, m'mbali mwa mgolomo mumatsala zouma zonga nkhoko za mumphika wa nsima. M'nkhoko zimenezi mumacokera asidi wochedwa tartaric, amene akauma aoneka ngati timibulu ta mcere. Anzeru a masiku amenewo anazizwa ndi cinthu cimodzi. Panali mitundu iwiri ya asidiyu yofanana m'zonse, koma mtundu woyamba ukasungunulidwa m'madzi unali kupotoza kuwala kodutsa m'madzimo, pamene mtundu waciwiri sunali kutero.

M'caka ca 1848, ali ndi zaka 25, Pasteur anaika timibulu ta mtundu waciwiri pansi pa galasi lokuza zinthu, natipenyetsetsa kamodzi kamodzi. Anaona kuti sitinali tofanana tonse iai. Tina tinapendekera kumanja, tina kumanzere, monga momwe manja a munthu afanana koma sangalowe m'malo mwa linzace. Anatola timibuluto ndi kambano, natipatula milu iwiri. Mulu umodzi unapotoza kuwala kumanja, unzace kumanzere, ndipo posakaniza miluyo mphamvu zao zinathetsana. Nkhalamba ina yanzeru, Jean-Baptiste Biot, inakayika, nimuuza kuti acitenso zonsezo iyo ikupenya. Pasteur anacita, ndipo Biot anabvomereza.

Pa nchito imeneyi Pasteur anatolapo ganizo limene analisunga mumtima. Anaona kuti zinthu za mtundu uwu zopotoza kuwala, monga shuga ndi asidi wa m'vinyo, zinali zocokera ku zinthu zamoyo.

M'caka ca 1849 anapita kukaphunzitsa ku Strasbourg, ndipo kumeneko anakwatira Marie Laurent. Mkazi ameneyu anamthandiza masiku onse a moyo wace, makamaka polemba zimene mwamuna wace anali kupeza.

BVUTO LA BAMBO BIGO

M'caka ca 1854 Pasteur anasankhidwa kukhala mkulu wa sukulu ya sayansi mu mzinda wa Lille, kumpoto kwa France. Anthu a kumeneko alima mbeu ya mizu yotsekemera yochedwa beet, imene apangira shuga monga momwe ku Mazabuka apangira shuga ndi nzimbe. Ena anali kuwiritsa madzi a mizuyo m'migolo yaikulu ndi kutulutsamo alcohol wogulitsa.

Mmodzi wa anthu amenewa anali Bambo Bigo, amene mwana wao anali kuphunzira kwa Pasteur. M'caka ca 1856 nchito yao inayamba kuonongeka. Migolo ina inali kuwira bwino, koma ina inali kusasa, ndipo cuma cao cinali kutha osadziwa cocita. Anapempha mphunzitsiyo kuti adzaone.

Pasteur anapita tsiku ndi tsiku, natunga madzi a m'migolo yabwino ndi a m'migolo yosasa, nawapima ndi maikulosikopu, ndico cipangizo ca magalasi cimene cikuza tinthu tosaoneka ndi maso. M'madzi abwino anaona tinthu tobulungira ngati timazira, tina tiri ndi timphukira m'mbali. Timeneti ndito yisiti. M'madzi osasa anaona tinthu tina tating'ono koposa, totalika ngati timitengo. Kusasa kukakula, timitengoto tinali kuculukanso.

Panali cinthu cinanso. M'madzi owirawo munali mtundu wina wa alcohol wochedwa amyl, umene Pasteur anaupimapo kale, napeza kuti upotoza kuwala. Pamenepo anakumbukira ganizo lace lija. Ngati cinthu copotoza kuwala cicokera ku zamoyo, ndiye kuti kuwira kwa mowa nakonso ndi nchito ya zamoyo. Anaganiza kuti yisiti ndi kanthu kamoyo kamene kadya shuga ndi kutulutsa alcohol, ndipo timitengo tija ndi tamoyo ta mtundu wina timene tidya shuga yemweyo ndi kutulutsa asidi wosasa, yemwe uja apezeka mu mkaka wosasa. Analemba zimenezi m'caka ca 1857. Tsono wofulula anapeza njira yodziwira msanga ngati mgolo uyamba kudwala, ndiyo kupima madzi ace ndi kusamala ukhondo wa ziwiya.

KODI ALCOHOL NCIANI?

Kuti nchito ya Pasteur imveke bwino, nkofunika kudziwa cimene cichedwa alcohol. Zinthu zonse za pa dziko zinapangika ndi tizidutswa tating'onoting'ono tochedwa maatomu. Maatomu ali a mitundu yambiri, koma pa nkhani iyi ifunika mitundu itatu yokha: kaboni, amene ndiye cinthu ca m'makala, haidrojeni ndi okosijeni, amene akagwirana apanga madzi. Maatomu amagwirana m'timagulu, ndipo kusiyana kwa timagulu ndiko kusiyanitsa cinthu ndi cinzace.

Alcohol si cinthu cimodzi iai, koma ndi fuko lalikulu. Onse a m'fuko limeneli ali ndi cizindikiro cimodzi: atomu imodzi ya okosijeni yogwirana ndi atomu imodzi ya haidrojeni, zitamamatira ku kaboni. Anzeru alemba cizindikiro cimeneci ndi malemba awiri, OH. Maina ao atsiriza ndi -ol, monga momwe anthu a fuko limodzi achedwa ndi ciwongo cimodzi, a Phiri kapena a Banda.

Wamng'ono pa onse ndiye methanol. Kagulu kace kali ndi kaboni mmodzi, haidrojeni 4 ndi okosijeni mmodzi, ndipo alembedwa CH3OH. Kale anali kumpeza potentha nkhuni m'cotengera cotseka, ndipo Dumas, mphunzitsi wa Pasteur uja, ndi mnzace Eugène Péligot ndiwo anafotokoza mapangidwe ace. Womtsatira ndiye ethanol, wa kaboni 2, haidrojeni 6 ndi okosijeni mmodzi, wolembedwa C2H5OH. Ameneyu ndiye ali mu mowa ndi m'vinyo. Amyl uja ali ndi kaboni 5. Palinso glycerol, amene ali ndi cizindikiro ca OH patatu. Ndiye mafuta otsekemera a gilisalini amene anthu adzola khungu likauma nthawi ya cisanu.

Tsono cimene cicitika m'mbiya ndi ici. Kagulu kamodzi ka shuga wochedwa glucose kali ndi kaboni 6, haidrojeni 12 ndi okosijeni 6. Yisiti ithyola kagulu kameneka, ndipo patuluka timagulu tiwiri ta ethanol ndi timagulu tiwiri ta mpweya wochedwa carbon dioxide, umene kagulu kace kali ndi kaboni mmodzi ndi okosijeni 2. Wowerenga bwino adzapeza kuti palibe atomu yotayika, ndipo palibe yoonjezeka. Mpweyawo ndiwo ucititsa thobvu ndi kuoneka ngati mbiya iri pamoto. Ndiwonso utupitsa buledi ndi zitumbuwa zothira yisiti. Pa kulemera, pafupifupi theka la shuga lisanduka ethanol ndi theka linzace mpweya. Pasteur popima mosamala anapeza kuti kagawo kakang'ono ka shuga sikatsata njira imeneyi: kena kasanduka glycerol, kena kamanga matupi a yisiti yatsopano. Umenewu unali umboni wina wakuti yisiti idya ndi kukula.

Nanga cimera cigwira nchito yanji? Ufa wa cimanga, wa mapira kapena wa mawere uli ndi cakudya cochedwa starch, cimene yisiti siingathe kudya. Koma njere ikanyowa ndi kuyamba kumera, ipanga mankhwala ace amene adula starch kukhala shuga, kuti kamphukira kapeze cakudya. Mai akathira ufa wa cimera m'phala lofunda, mankhwalawo asandutsa phala kukhala lamadzimadzi ndi lotsekemera. Limenelo ndilo thobwa. Pambuyo pace tamoyo tosasitsa tipatsa thobwa kusasa pang'ono kumene kulikometsa, ndipo yisiti yokhala m'mbiya yakale ndi pa njere iyamba kudya shuga uja. Cotero amai ofulula anali kuweta tamoyo timeneti zaka mazana ambiri osationa ndi maso.

Yisiti siingapitirire malire ace. Ethanol akafika magawo ngati 15 pa 100, yisiti ilefuka nileka nchito. Wofuna cakumwa caukali koposa ayenera kupatula ethanol ku madzi ndi moto. Madzi awira pa madigiri 100, koma ethanol awira pa madigiri 78. Motero mphika ukatenthedwa, nthunzi yoyamba kutuluka ikhala ndi ethanol wambiri, ndipo ikadutsa mumpope wozizira isandukanso madontho. Ndimo m'mene Bambo Bigo anali kutulutsira alcohol wao, ndimonso m'mene aphikira kacasu.

Fuko limeneli liri ndi nchito zabwino zambiri. Ethanol apha tizirombo ta matenda pakhungu, ayaka ndi lawi lopanda utsi, ndipo ku Malawi amsakaniza ndi petulo kuyambira caka ca 1982, pomcotsa ku zotsala za nzimbe za ku Dwangwa. Koma m'thupi la munthu ethanol afoola bongo, ndipo womwa kwambiri zaka zambiri aononga ciwindi cace. Thupi la mwana limene likali kukula lipwetekeka msanga koposa. Ndico cifukwa cace lamulo la Zambia liletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosafika zaka 18. Methanol ndiye woopsa kopambana. Maonekedwe ace ndi fungo lace zifanana ndi za ethanol, koma ciwindi cimsandutsa ululu umene uononga mitsempha ya maso. Pang'ono pokha pangacititse munthu khungu, ndipo poculukirapo pakupha. Sipiriti wa m'sitolo ndi ethanol wothiridwa zinthu zaululu, kawiri kawiri methanol, ndipo amuika mtundu kuti anthu adziwe kuti si wakumwa.

MKANGANO NDI MABOTOLO A KHOSI LOPINDIKA

Pasteur sanali woyamba kunena kuti yisiti ndi yamoyo. Theodor Schwann wa ku Germany ndi ena ananenapo kale m'caka ca 1837, koma akulu a kemisitiri anawaseka. Mkulu wao, Justus von Liebig, anali kuphunzitsa kuti kuwira kucitika cifukwa ca zinthu zakufa zimene zikubvunda. Pasteur, amene tsopano anali atabwerera ku Paris, anakonza kacipinda kopapatiza pansi pa denga la sukulu, nayesa njira iyi. Anatenga madzi oyera, shuga woyera, mcere wina wa ammonia ndi phulusa pang'ono, mopanda cinthu ciri conse cobvunda, nathiramo kayisiti kocepa ngati mutu wa singano. Yisitiyo inaswana, shuga anatha, ndipo ethanol anapezeka. Analongosola zonsezi m'caka ca 1860.

Panatsala funso lina. Kodi tamoyo timeneti ticokera kuti? Anthu ambiri anakhulupirira kuti tibadwa tokha m'zinthu zoola. Pasteur anathira msuzi m'mabotolo, nasungunula makosi a mabotolowo pamoto, nawakoka kufikira atatalika ndi kupindika ngati khosi la kakowa. Anawiritsa msuziwo, nasiya pakamwa pa botolo posatseka. Mpweya unali kulowa, koma fumbi linali kutsakamira pokhota pa khosi. Msuzi unakhala woyera miyezi yambiri. Koma akathyola khosi, msuzi unali kubvunda patapita masiku owerengeka.

M'caka ca 1860 ananyamula mabotolo ena otseka kupita nao ku mapiri. Anatsegula 20 m'munsi mwa mapiri a Jura, nawatsekanso, ndipo 8 anabvunda. Anatsegula ena 20 pamwamba pa phiri la madzi oundana pafupi ndi Mont Blanc, pamene fumbi liri locepa, ndipo limodzi lokha linabvunda. Pamenepo cinadziwika kuti tamoyo tiyenda ndi fumbi, ndipo tibadwa kwa tamoyo tinzace.

VINIGA NDI VINYO

Wofulula ali yense adziwa kuti mowa wosiyidwa pamtetete usasa kwambiri. Pasteur anafufuza cifukwa cace pothandiza anthu a ku Orléans amene apanga viniga. Anapeza kuti kakhungu kopyapyala koyandama pamwamba pa vinyo ndi khamu la tamoyo ta mtundu wacitatu. Timeneti titenga okosijeni wa mumpweya ndi kumlumikiza kwa ethanol, ndipo ethanol asanduka asidi wochedwa acetic, ndiye ukali wa viniga. Anapezanso kuti yisiti ipanga ethanol wambiri pamene isowa mpweya. Ikapeza mpweya wokwanira iswana kwambiri.

Masiku amenewo vinyo wambiri wa ku France anali kuonongeka pa ulendo wa ku maiko ena, ndipo alimi anali kusauka. M'caka ca 1863 mfumu ya dzikolo, Napoleon III, inapempha Pasteur kuti afufuze matenda a vinyo. Iye anabwerera kwao ku Arbois, napima vinyo wa anansi ace, napeza kuti vinyo wowawa, wosasa ndi wonanda ali yense anali ndi tamoyo tacetace. Mankhwala ace anali apafupi: kufunditsa vinyo kufikira madigiri a pakati pa 50 ndi 60, osamuwiritsa iai. Kutentha kotere kupha tamoyo toononga koma sikuononga kukoma. Njira imeneyi inachedwa pasteurisation potsata dzina lace, ndipo pambuyo pace anthu ena anayamba kuteteza nayo mkaka. Mkaka wa m'mapaketi umene ugulitsidwa m'masitolo uyamba wadutsa pa kutentha usanatsekedwe.

M'caka ca 1878 anayesa cinthu cina m'munda wace wa mphesa. Mphesa zikali zaziwisi anamanga tinyumba ta magalasi pamwamba pa mitengo ina, nakulunga matsango ena ndi thonje. Zitapsa anazifinya, ndipo madzi a mphesa zokulungidwazo sanawire konse, pamene a mphesa za pabwalo anawira monga mwa masiku onse. Yisiti ya vinyo ifika pa khungu la cipatso kucokera kunja.

Phunziro lakuti m'mbiya mungalowe tamoyo toipa likali lofunika. M'mwezi wa January 2015, ku Chitima m'cigawo ca Tete ku Mozambique, anthu 75 anafa atamwa mowa wa pamaliro. Poyamba anthu anaganiza kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Koma opima anapeza kuti ufa wa cimanga umene anafululira unali woonongeka, ndipo munali tizirombo timene tinapanga ululu woopsa. Ululu wotere sutha ndi moto. Ufa wonyowa ndi wobvunda suyenera kulowa m'mbiya kapena mumphika.

ZISONI NDI KULIMBA MTIMA

Pamene dzina la Pasteur linali kukula, m'nyumba mwace munali maliro. Mwa ana ace asanu, atatu anamwalira akali ang'ono. Jeanne anafa ndi nthenda ya typhoid m'caka ca 1859, Camille anafa m'caka ca 1865, ndipo Cécile anafanso ndi typhoid m'caka ca 1866. Atate ace anamwalira m'caka ca 1865, iye ali kum'mwera kwa dziko kuthandiza alimi amene mbozi zao zopanga ulusi wa silika zinali kufa ndi nthenda. M'mwezi wa October 1868, ali ndi zaka 45, Pasteur mwini anadwala nthenda imene inaumitsa mbali yamanzere ya thupi lace. Ambiri anayesa kuti nchito yace yatha, koma patapita miyezi yowerengeka anabwerera ku mbozi zija, ngakhale anayenda motsimphina masiku onse otsala a moyo wace.

Mumtima mwace munakula ganizo lalikulu. Ngati tamoyo tosaoneka tidwalitsa vinyo ndi mowa, kodi sitingadwalitsenso nyama ndi anthu? Dotolo wina wa ku Glasgow, Joseph Lister, atawerenga zolemba za Pasteur za kuwira ndi kubvunda, anayamba kutsuka mabala, manja ndi mipeni yace ndi mankhwala opha tizirombo. Odwala amene kale akadafa ndi mabala oola anayamba kucira.

Pasteur ndi omthandiza ace anapeza njira yofoola tizirombo, kuti thupi likalandira tofookato liphunzire kulimbana ndi taukali. M'caka ca 1881, pa munda wa Pouilly-le-Fort, anapatsa nkhosa zina katemera wa nthenda ya anthrax, nasiya zina. Pambuyo pace zonse zinabayidwa tizirombo taukali. Pa 2 June khamu la anthu linasonkhana, niliona kuti zopanda katemera zinali zitafa kapena zirikufa, pamene zinzace zinali ciriri.

Pa 6 July 1885 anabwera naye mnyamata wa zaka 9, dzina lace Joseph Meister, amene analumidwa koopsa ndi galu waciwewe. Katemera wa ciwewe anali atayesedwa pa agalu, ndipo Pasteur anabvutika mumtima, pakuti sanali dotolo wa anthu. Atafunsana ndi madotolo anabvomera, ndipo mmodzi wa iwo, Joseph Grancher, anabaya mnyamatayo majekeseni 13. Joseph sanadwale ciwewe, ndipo anakula nakhala munthu wamkulu. Mbiri imeneyi inawanda, ndipo anthu a maiko ambiri anasonkha ndalama zomangira nyumba yofufuzira matenda ku Paris, yochedwa Institut Pasteur, imene inatsegulidwa m'caka ca 1888.

IMFA YACE NDI ZIMENE ANASIYA

Louis Pasteur anamwalira pa 28 September 1895 pafupi ndi Paris, ali ndi zaka 72. Manda ace ali m'nyumba yomweyo ya Institut Pasteur.

Patapita zaka ziwiri, m'caka ca 1897, Eduard Buchner wa ku Germany anasinja yisiti pamodzi ndi mcenga, nafinya madzi ace mopanda kayisiti kamoyo ngakhale kamodzi. Atathiramo shuga, madziwo anawira natulutsa ethanol. Motero cinadziwika kuti m'kati mwa yisiti muli mankhwala ochedwa enzyme, a fuko limodzi ndi aja a m'cimera, ndipo ndiwo athyola shuga. Pasteur analondola ponena kuti kuwira kucokera ku zamoyo, pakuti yisiti yamoyo ndiyo ipanga mankhwalawo. Liebig nayenso sanalakwe zonse, pakuti kuthyola kwa shugako ndi nchito ya kemisitiri. Nzeru imakula motero, wina kuyambira pamene mnzace analekezera.

Lero namwino wa pa cipatala ca St Francis ku Katete akapukuta khungu la wodwala ndi sipiriti asanabaye jekeseni, mai akawiritsa madzi akumwa a mwana wace, ndi mlimi akapita ndi galu wace kukalandira katemera, onsewo atsata njira imene inalambulidwa ndi mwana wa wofufuta zikopa wa ku Arbois. Iye sanapeputse bvuto la munthu wamba, ndipo sanakhulupirire cinthu asanaciyese ndi kuciyesanso.

MAFUNSO

1. Kodi Pasteur anaona ciani m'madzi a migolo yabwino ndi m'madzi a migolo yosasa ya Bambo Bigo?
2. Chulani zinthu ziwiri zimene zituluka yisiti ikadya shuga.
3. Werengani maatomu a timagulu tiwiri ta ethanol ndi tiwiri ta carbon dioxide. Kodi alingana ndi a kagulu kamodzi ka glucose?
4. Cifukwa ninji phala litsekemera akathiramo cimera?
5. Kodi methanol asiyana bwanji ndi ethanol, ndipo kuopsa kwace nkotani?
6. Fotokozani cimene mabotolo a khosi lopindika anatsimikiza.